Kusaka mkulu wa zachuma: mmene ntchito ikuyendera

Lolemba, 13 Januwale 2025

Ndayamba kulemba izi chifukwa a tcheya a bodi anena kuti pa nkhani iyi pasachitike kanthu kosalembedwa, komanso ineyo ndikufuna tsiku lina munthu akadzandifunsa kuti kodi bwana wa zachumayu munamupeza bwanji ndidzakhale ndi poloza. Kampani yathu ndi yapakatikati, timagula soya ndi mtedza kwa alimi a m'makalabu ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa, timasunga ku Kanengo, zina timagulitsa konkuno zina zimatuluka kunja. Bambo amene amatiyendetsera zachuma apereka notisi sabata yatha, akutsatira banja lawo ku Johannesburg, palibe chavuta tikusiyana bwinobwino. Koma nthawi yake ndi yoipa, kugula kumayamba kumapeto kwa Epulo kulowa Meyi ndipo ngongole ya ku banki yogulira mbewu imayenera kukhala itakambidwa kale pofika Malichi.

Ulendo watha tinalengeza mu Nation ndi Daily Times ngati mmene aliyense amachitira. Ma CV anadzadza makatoni, a pa imelo osawerengera, ndinatha masabata atatu ndikungowerenga. Ambiri anali ana ongomaliza kumene sukulu, sindikuwanena ayi, ntchito zikusowa ndiye munthu amaponya paliponse. Koma amene timawafuna enieni sanalembe nkomwe, munthu amene akugwira bwino pamalo pake ndipo abwana ake akumusamala satsegula tsamba la ntchito mu nyuzipepala. Nde lero bodi yagwirizana kuti ulendo uno tipange headhunting, tipite tokha kwa munthu yemwe sakufuna ntchito tikamunyengerere abwere kwathu.

Alipo makampani amene ntchito yawo ndi imeneyi, pa maudindo akuluakulu mtengo wake umazungulira pa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a munthuyo a chaka chonse, ndipo umaperekedwa katatu, poyamba, pakati ndi pomaliza. Bajeti yathu siyingafike. Tipanga tokha, ine wa HR ndi mamembala awiri a bodi.

Ndavomera koma mtima suli m'malo. Kuno kwathu mawu oti "tamupeza tokha" ndi mawu oti "ndi wakwathu" amayendera limodzi, ndipo anyamata a ku sitolo yathu akamva kuti udindo sunalengezedwe sadzafunsa zambiri, adzangoti apatsana.

Lachisanu, 17 Januwale

Chinthu choyamba chimene ndalimbikira ndi choti pasatchulidwe dzina la munthu aliyense mpaka titalemba kaye zomwe tikufuna, onse atatu tisayine, a tcheya asayinenso. Dzina likangogwa patebulo poyamba, pepala limalembedwa motsatira munthuyo, ndaziwonapo.

Takhala maola anayi. Poyamba tinangolemba zachizolowezi, akhale membala wa ICAM, bungwe la ma akawuntanti kuno ku Malawi, akhale ndi ACCA, mapepala a ukatswiri wa ma akawuntanti, kapena zofanana nazo, zaka zambiri pa udindo. Kenako ndinafunsa bambo akuchokawa kuti kodi inuyo chimakusowetsani tulo ndi chiyani pa ntchito iyi, nde apo mpamene pepala linayamba kukhala lathu. Akuti choyamba ndi ndalama za pamsika, nthawi yogula ndalama zimatuluka tsiku ndi tsiku kupita m'madepoti, zina pa Airtel Money ndi Mpamba zina pamanja chifukwa alimi ena safuna za pafoni, ndipo munthu akhoza kukhala katswiri wa malipoti koma osadziwa kuti sikelo ndi buku la kalaliki zikasiyana ndi matumba khumi ayambire pati. Chachiwiri banki, policy rate, chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imaika kuti mabanki azitsatira, ili pa 26 peresenti chiyambire chaka chatha ndiye ngongole yogulira mbewu ukaigoneka mwezi umodzi wowonjezera phindu lonse lapita. Chachitatu forex, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe amene amagona tulo akakhala ndi ngongole ya madola. MRA ndi msonkho wodula pa zokolola nazonso zilipo koma izo akuti munthu amaphunzira.

Ine ndawonjezera mzere umodzi, akhale munthu amene anakanapo kusayina chinthu bwana wake atamuuza kuti asayine.

Tisanabalalike mmodzi wa a bodi aja anati ali ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo, akuti ndi akawuntanti wabwino kwabasi. Ndinawayankha mwaulemu kuti bwana, dzinalo lilowe ngati ena onse, koma mulembe kuti ndi m'bale wanu ndipo tsiku lomukambirana inu mutuluke. Nkhope inasintha pang'ono koma avomera. Employment Act ya 2000 imaletsa tsankho polemba ntchito, kaya la mtundu, chipembedzo, chilankhulo kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo kusaka munthu mwakachetechete sikukutichotsa pansi pa lamulo limeneli.

Lachinayi, 30 Januwale

Masabata awiri ofunsa mayina. LinkedIn yandithandiza pang'ono chabe, anthu ambiri amsinkhu umene tikufuna anatsegula kalekale n'kuisiya, ena ikuwonetsabe ntchito yomwe anachokapo zaka zisanu zapitazo. Amene andithandiza ndi anthu amene amawona mabuku a makampani ambiri, ma odita awiri, mayi wina wa ku banki amene amayang'ana ngongole za ulimi, mphunzitsi wina wopuma amene anaphunzitsa ku Poly, pano akuti MUBAS, ndi mnzanga amene saphonya msonkhano wa ICAM wa kunyanja ku Mangochi. Sindimawafunsa kuti mukudziwa ndani wabwino, funso limenelo aliyense amakupatsa mnzake womwa naye tiyi. Ndimafunsa kuti ndani amene mabuku ake mukawapeza simuvutika, ndani amene munamuwona akulimbana ndi bwana wake pa nkhani ya ndalama. Mayina amene atuluka kwa anthu awiri osadziwana ndawaika pamwamba.

Mndandanda woyamba unali ndi mayina khumi ndi awiri, onse abambo kupatula mmodzi. Ndinabwereranso kwa anthu omwewo ndikuti nanga amayi, ndipo nthawi yomweyo anatchula anayi, wina mpaka anati aaa koma ameneyo ndiye woposa onse aja ndakuuzani. Nanga bwanji sanamutchule poyamba? Gender Equality Act ya 2013 ija imati polemba ntchito m'boma mbali imodzi isachepere 40 peresenti, ife siyikutimanga, koma zandiwonetsa kuti headhunting ukangoisiya iyende yokha imakubweretsera anthu ofanana ndi amene wawafunsa.

Chinanso chasintha zinthu. Pa 20 Januwale boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo ma projekiti a USAID auzidwa kuti aime kaye. Foni yanga yayamba kulira, anthu amva kaya kwa ndani kuti tikufuna munthu, ena ndi akuluakulu oti chaka chatha sitikanalota kuwalipira. Zikundimvetsa chisoni, awa ndi anthu a ana ku sukulu ndi ngongole za nyumba. Ndauza bodi kuti tiwaone, koma pepala lija lisasinthe, chifukwa kusamala ndalama za madona ndi kuyendetsa ndalama za bizinesi yogula mbewu pa ngongole ndi ntchito ziwiri zosiyana, uko ndalama imabwera kaye iwe n'kuigwiritsa ntchito motsatira bajeti, kuno ndalama ndi ya banki ndipo ikubala chiwongoladzanja usiku uliwonse. Awiri mwa iwo anagwirapo m'makampani kale, ndawalowetsa.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kuimba mafoni. Iyi ndiye ntchito yovuta kuposa mmene ndimaganizira ndipo ndaphunzira kuti ndi unkhoswe weniweni, sungafike pakhomo pa eni n'kuyamba ndi kuti tabwera kudzatenga mwana wanu. Sindiimba pa foni ya ku ofesi kwawo, sinditumiza imelo ya kuntchito kwawo, ndimapempha amene anandipatsa dzina uja kuti ayambe wawauza kuti pali wina akufuna kucheza nanu, akalola ndi pomwe ndimalemba pa WhatsApp madzulo. Ngakhale choncho atatu anandikayikira, wina anandifunsa mosabisa kuti kodi mukufuna ndalama zingati, poti akuba olonjeza ntchito pa foni achuluka, wina ankaganiza kuti abwana ake andituma kudzamuyesa ngati ali ndi mtima wochoka. Asanu akana pomwepo, ndawathokoza ndipo ndawafunsa ngati akudziwa wina.

Panali bambo wina ali ku Manchester, akufunitsitsa kubwerera kumudzi makolo akalamba, tinacheza bwino pa vidiyo koma akufuna malipiro ake aziwerengedwa pa dola kuti kwacha ikagwanso asapwetekeke. Ndikumumvetsa, koma ife timagulitsa zambiri pa kwacha, ndipo sindingayang'ane m'maso antchito ena onse amene malipiro awo anadyeka mu 2023 n'kuwauza kuti mmodzi yekha tamutchinjiriza. Tasiyana mwamtendere. Wina wa ku Chipata bodi inamukonda poti amadziwa msika wa soya wa mbali zonse ziwiri za malire, koma akufunika Temporary Employment Permit, chilolezo choti mlendo agwire ntchito kuno, ku Immigration ndipo pamafunika kuonetsa kuti luso limenelo kuno lasowa, pamene mndandanda wanga womwe ukuonetsa kuti silinasowe. Tamusiya.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndinapita ku Blantyre dzulo pa basi, mafuta akuvutabe sindinafune kukagona pa mzere ku Ntcheu. Ndimakakumana ndi mmodzi mwa amayi aja anatchulidwa ulendo wachiwiri. Anasankha okha malo, kutali ndi ku ofesi kwawo, ndipo anafika ndi kabuku.

Ndimaganiza kuti ndikukawafunsa mafunso koma anandifunsa ndi iwo, pafupifupi maola awiri. Amene akuchokawo akuchokeranji, ndingawaimbire ndekha? Ma odita anu analemba chiyani chaka chatha mu kalata yawo ya kwa mabwana, mungandiwonetse? Kodi ma dayirekitala amatapa ndalama mu kampani popanda mapepala? Ndikakana kulipira chinthu, amene adzandiikire kumbuyo ndani, a tcheya kapena palibe? Za malipiro sanafunse mpaka ine nditayambitsa.

Pa funso la ma odita ndinaima kaye. Chaka chatha anatilembera za depoti ina kumene matumba sanagwirizane ndi ndalama, nkhani yake sinathe bwino. Ndikanatha kuzembazemba, koma munthu ukumuchotsa pa ntchito yake yabwino, sanakupemphe, ndiye ukamubisira nyerere zili mu mkuyu akadzazipeza yekha mwezi wachiwiri wamulakwira kawiri. Ndinawauza zonse. Anangogwedeza mutu n'kulemba, kenako anati, "Achimwene, mukanandiuza kuti kwanu kulibe vuto ndikanadziwa kuti mukunama, kampani yogula mbewu yopanda vuto la depoti kulibe."

Chowavuta ndi banja. Bambo akunyumba amagwira ntchito ku Blantyre konko, mwana wamkulu ali folomu 4 alemba MSCE chaka chino ndipo sangamusunthe pakati pa chaka. Anati apite akakambirane kunyumba, ndisawaimbire, adzaimba okha. Pobwerera ndinkangoganiza kuti pepala lathu lija lili ndi zonse za ntchito koma mulibe mzere ndi umodzi womwe wa mwamuna, mwana kapena nyumba, chonsecho yankho lagona pamenepo.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Apa ndalakwitsa ine ndipo ndilembe momwemo. Wachiwiri kwa bambo akuchokawa, mnyamata amene wakhala nafe zaka zisanu ndi chimodzi, wamva kuchokera kunja kuti tikusaka munthu. Mnzake wa ku kampani ina ndi amene anamuuza kuti eti kwanu akufuna bwana wa zachuma, andiimbira. Anabwera mu ofesi mwanga, anatseka chitseko, anati, "Bwana, ine ndimayesa mwina mundiuza kuti sindinafike, koma osandiuza n'komwe?" Ndinalibe choyankha. Tinatanganidwa ndi kusunga chinsinsi cha anthu akunja mpaka kuiwala munthu amene amatseka mabuku athu mwezi ndi mwezi, amene nthawi yogula amagona ku Kanengo.

Ndamupepesa, ndapitanso kwa a tcheya kukanena kuti kulakwa ndi kwanga. Tagwirizana kuti alowe nawo pa intavyu ngati wina aliyense, osati momupepesera ayi, ayesedwe pa pepala lomwe lija. Ndamuuzanso poyera pamene ndikuona kuti pakuchepa, sanakhalepo maso ndi maso ndi banki kukambirana ngongole ndipo mapepala ake a ACCA atsala awiri. Akapanda kupambana ndikufuna kampani imulipirire mayeso amenewo ndipo zilembedwe mu kontirakiti ya amene abwereyo kuti mbali ina ya ntchito yake ndi kumukonzekeretsa mnyamatayu. Bodi ikapanda kuvomera izi ndilimbana nayo.

Lachisanu, 7 Malichi

Mayi aja anaimba Lolemba pa tchuthi cha Martyrs, akuti alowa nawo. Ndiye ma intavyu tapanga dzulo ndi lero, anthu asanu: iwowo, bambo wina wa ku kampani ya fodya kuno ku Lilongwe, mmodzi mwa a ma projekiti aja, mphwawo wa a bodi, ndi mnyamata wathu. Ena a bodi amati munthu tamunyengerera tokha ndiye timuikenso pa intavyu, sakhumudwa? Ndinati akhumudwe, popanda zimenezo ndiye tangopatsana basi. Ndinawauziratu onse pa foni yoyamba kuti pali anzawo ndipo padzakhala gulu lofunsa, palibe anadabwa.

Sitinafunse zija za mumadziona kuti zaka zisanu zikubwerazi. Tinawapatsa mabuku a depoti imodzi a sabata imodzi, mayina titafufuta, ndi pepala la ngongole ya banki, ola limodzi, kenako atiuze chimene awona ndi chimene angachite Lolemba m'mawa. Aliyense wa ife amalemba mamalikisi payekha tisanakambirane, kuti a tcheya akayankhula ena asangotsatira. A bodi aja anatuluka pa nthawi ya mphwawo monga tinapanganirana, ndipo kunena zoona mnyamatayo si woipa, wangochepa zaka. Wa ma projekiti anali wakuthwa pa malamulo koma ngongole anaiyang'ana mochedwa. Mnyamata wathu anapeza vuto la depoti msanga kuposa onse, pa banki ndi pomwe anatsalira, ndendende mmene ndinamuuzira. Mayi aja anapeza zonse ziwiri n'kufunsanso chinthu chomwe ife sitinachiike dala, kuti bwanji kalaliki yemweyo ndi amene akuyeza, kulemba komanso kulipira. Mamalikisi a ife ofunsa tonse anayi anawaika pamwamba, bambo wa fodya wachiwiri.

Za maumboni tapempha chilolezo chawo kaye, ndipo kumene akugwira pano sitiimbako mpaka iwo atanena. Taimbira mabwana awo akale awiri ndi odita mmodzi, komanso tatsimikiza ku ICAM kuti umembala wawo uli bwino.

Lachitatu, 19 Malichi

Kukambirana malipiro kwatenga masiku khumi. Pa salale penipeni sitinatalikirane, nkhani inali pa zozungulira, galimoto ndi mafuta, inshuwaransi ya chipatala ya MASM ya banja lonse, nyumba kuno pamene banja likadali ku Blantyre. Penshoni ndi ya lamulo, kampani 10 peresenti iwo 5, apo panalibe zokambirana. Tagwirizana kuti mpaka mwana alembe mayeso azigwira Lachisanu ali ku Blantyre, kupatula nthawi yogula ikafika pachimake. Anakana probation, nthawi yoyesedwa pa ntchito, yaitali, akuti mwandichotsa nokha pa ntchito yokhazikika ndiye musandiike pa chingwe chaka chathunthu, lamulo limalola mpaka miyezi khumi ndi iwiri koma tagwirizana itatu. Ndikuona kuti akunena zoona.

Atapereka notisi abwana awo anawaitana n'kuwawonjezera malipiro kuposa athu. Masiku atatu sanayankhe foni, ine tulo osabwera, bambo wa fodya ndinali nditawauza kale kuti adikire pang'ono ndipo sindinafune kuwasunga ngati tayala la sipeya osawauza zoona, ndiye ndinawauza kuti pali wina patsogolo pawo. Anathokoza kuti ndanena. Lolemba mayi aja anaimba, akuti ndasayina, ndalama andiwonjezera lero zinali kuti zaka zonsezi.

Dzulo abwana awo anandiimbira ine, kaya nambala anaitenga kuti. Anayankhula mwaulemu koma mawu anali olemera, akuti mwatibera munthu pa nthawi yotseka chaka. Sindinakangane nawo. Mayiwa si katundu wa munthu, asankha okha, koma ululu wa bambowo ndikuudziwa chifukwa ndi womwe ndinali nawo mu Januwale, ndipo dzenje lomwe tinali nalo ife talisamutsira kwa iwo. Ndawalonjeza chinthu chimodzi chimene ndingathe, sitiwakakamiza mayiwa kudula notisi, ndipo sitikatenganso wina aliyense mu ofesi yawo.

Lolemba, 31 Malichi

Pamene tafika ndi apa. Kontirakiti yasayinidwa mbali zonse. Notisi yawo ndi ya miyezi itatu ndiye ayamba pakati pa Juni, kutanthauza kuti kugula kuyamba iwo kulibe. Bambo akuchoka aja avomera kutsala mpaka kumapeto kwa Epulo kuti amalize za banki, ndipo kuyambira Meyi mpaka mayiwa afike mnyamata wathu ndi amene agwirizire udindo, ndi alawansi yake yolembedwa, osati pakamwa. Bodi yavomera kumulipirira mapepala awiri aja, a tcheya anachita kunena okha ndisanayambe n'komwe kulimbana.

Antchito onse ndawauza Lachisanu ku Kanengo, ndinafotokoza mmene tinasakira, kuti anayesedwa anthu asanu ndipo m'bale wa a bodi anali pomwepo koma sanapambane. Mmodzi wa onyamula matumba anafunsa kuti mayiwo kwawo n'kuti. Ndinamuuza kuti sindinawafunse, ndipo ndi zoona sindinawafunse.

Zotsala: kuwalembera makalata anthu onse amene ndinawaimbira, ngakhale amene anakana, awiri a ma projekiti aja ndawalonjeza kuti ma CV awo ndiwatumiza kwa anzanga a HR ngati alola. Kupeza nyumba ya lendi cha ku Area 25 kapena 49 kuti asamavutike ndi msewu wa ku Kanengo m'mawa. Kusiyanitsa woyeza ndi wolipira m'madepoti onse kugula kusanayambe, izi sitidikira Juni, mnyamata wathu wayamba kale kulemba ndondomeko yake ndipo Lachinayi tikupita limodzi ku Mchinji kukaiyesa pa depoti yoyamba.